Mkombero wa dzuwa si malodza, tiphunzire kuuzindikira

Dzuwa likangooneka litazunguliridwa ndi mkombero wowala, zithunzi zimasefukira pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo lisanalowe omasulira amakhala atachuluka: uyu akuti ndi malodza, uyo akuti kumwalira munthu wamkulu, winanso akuti dziko latsala pang'ono kutha. Amene amasowa ndi wofunsa kuti mkomberowo ndi wamtundu wanji. Apa m'pamene tikuphonya. Mikombero imeneyi ili ndi mitundu yodziwika, miyeso yake sisinthasintha, ndipo ngakhale munthu amene sanapite patali ndi sukulu akhoza kuisiyanitsa. Tikadziwa kuizindikira, otiopseza asowa ponamizira.

Umene umaoneka kawirikawiri ndi wa madigiri 22. Umapangika m'mitambo yopyapyala imene imakhala pamtunda wa makilomita oposa 6. Mitamboyi siikhala ndi madontho a madzi koma timiyala ta madzi oundana, ta mbali 6 ngati pensulo. Kuwala kukalowa mbali ina n'kutulukira ina, kumakhota ndi madigiri osachepera 22, n'chifukwa chake mkati mwa mkombero mumadererapo, m'mphepete mwamkati mumafiirira, pomwe kunja kumayererako. Kuuyeza sikulira chida: tambasulani mkono ndi zala zomwe, chala chachikulu chiphimbe dzuwa, ndipo chala chaching'ono chigwera pafupi ndi mkomberowo. Edme Mariotte wa ku France anafotokoza zimenezi kalekale mu 1681. Wina afunsa kuti madzi oundana achokera kuti ku Nsanje, kotentha chonchi. Munthu akamakwera m'mwamba kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa kilomita iliyonse. Pa Sapitwa, mamita 3,002 okha, pamazizira kale koopsa. Nanji pa makilomita 10, ngakhale mwezi wa Okutobala.

Zimene anthu amati n'zachilendo zimazindikirika ndi mafunso atatu: chili mbali iti ya dzuwa, n'chachikulu bwanji, ndipo kufiira kuli kuti. Utawaleza umaoneka dzuwa uli utalifulatira, kufiira kwake kuli kunja, pomwe mkombero umazungulira dzuwa lenilenilo. Dzuwa likakhala chapansi, m'mawa kapena madzulo, kumanja ndi kumanzere kwake kumatha kuoneka malo awiri owala, mpaka anthu n'kumati kwatuluka madzuwa atatu. Amenewo ndi timiyala taphanthiphanthi timene tikutsika chogona. Uta wozondoka umene umaoneka chapaliwombo umafuna dzuwa losapitirira madigiri 32, pomwe mzere wamitundumitundu wogona kunsi kwa dzuwa umafuna likwere kupitirira madigiri 58, zomwe kuno kwathu zimachitika masana miyezi yambiri pachaka. Timikombero tating'ono tomata dzuwa timachokera ku timadontho ta madzi. Fumbi nalo limachita zake: phiri la Krakatoa litaphulika mu 1883, Sereno Bishop wa ku Honolulu anafotokoza mkombero waukulu wofiirira umene mpaka lero umatchedwa dzina lake. Zosowa zenizeni zilipo ndithu, monga mkombero wa madigiri 46, koma wozizindikira ndi yekhayo amene akudziwa za masiku onse.

Ena ati anthu m'maiko ambiri akhala akunena kuti mkombero umalosera mvula, ndiye tisapeputse nzeru za makolo. Mfundoyi ili ndi mutu, pakuti mitambo yopyapyala ija nthawi zina imatsogolera mvula, inanso imatsalira kuchokera pamwamba pa mitambo ya mabingu. Komabe imadutsanso dontho osagwa, ndipo mlimi wodzala chimanga podalira mkombero wokha akhoza kutaya mbewu ndi feteleza yemwe. Enanso ati kufotokoza zotere n'kuchepetsa Mulungu. Ayi. Palibe wokhulupirira amene analeka kupemphera chifukwa chodziwa kuti utawaleza umafuna dzuwa ndi mvula. Chimene kudziwa kumachepetsa ndi mphamvu za ongotanthauzira mowakomera. Pa 20 Epulo 1535 mumzinda wa Stockholm munaoneka mikombero yambiri nthawi imodzi, ndipo mphekesera zinawanda zoti ndi mkwiyo wa Mulungu pa mfumu Gustav Vasa. Mfumuyo inalamulirabe zaka 25. Chithunzi cha tsikulo chimene chili m'tchalitchi cha Storkyrkan chikuonetsa mikombero yomweyi imene lero imayezedwa ndi kupatsidwa maina.

Choncho ntchito ili m'manja mwa a zanyengo, aphunzitsi ndi atolankhani. Tsiku limene mkombero waoneka, wayilesi zisadikire kuti mphekesera ziyambe zafika kumsika. Zinene msanga, m'Chichewa chomveka, kuti ndi mtundu uti ndipo wabwera bwanji. Zichenjezenso za ngozi yokhayo yeniyeni: kuyang'anitsitsa dzuwa kumawononga maso, ndipo magalasi akuda wamba sateteza. Wofuna kuona aime poti denga kapena mtengo ubise dzuwa. Mphunzitsi naye atulutse ana m'kalasi, awaimike pamthunzi wa khoma, ayeze ndi manja awo. Mwana amene wapeza yekha madigiri 22 sadzagawanso uthenga woti dziko likutha mawa.