Maphunziro a Ndeke: Khola Lisatsekulidwe Mwaphuma

Ndeke ikamadutsa pamwamba pa midzi ya ku Mambwe kupita kukatera pa bwalo la Mfuwe, ana amasiya masewera, abusa a ng'ombe amaima, onse maso kumwamba. Pakati pa anawo sipalephera kupezeka mmodzi amene cinthuco cimamulowa mumtima, nakula naco kufikira tsiku limene abwera ndi ciphaso ca Giredi 12 nauza makolo ake kuti iye afuna kukhala woyendetsa ndeke. Kale mau otere anali kusekedwa. Masiku ano sasekedwanso, pakuti mwana amabwera ndi zithunzi za sukulu pa foni yake, mtengo wake ndi tsiku lotsiriza kulipira, ndipo banja limakhala pansi kuyamba kuwerenga ng'ombe za m'khola.

Cofuna ca mwanayo n'cabwino, ndipo palibe cifukwa cocizimitsira. Koma ng'ombe yoyamba isatuluke m'khola zinthu zitatu zisanadziwike bwino. Coyamba, ngati thupi la mwana lidzavomerezedwa ndi dotolo wa za ndeke. Caciwiri, ngati sukulu imene aifuna ndi yololedwa ndi lamulo. Cacitatu, ngati banja lingathe kulipira ulendo wonse kufikira kumapeto. Maphunziro amenewa asiyana ndi ena. Wophunzira ukalipentala akalekeza pakati angathebe kukhoma mpando nagulitsa. Wophunzira ndeke akalekeza pakati amabwerera kumudzi wopanda cogwirira nchito, khola nalo liri pululu.

MAKWERERO

Malamulo a nchito imeneyi sapangidwa ndi eni sukulu. Mu 1944 maiko anacita pangano mu mzinda wa Chicago, ndipo pa panganolo panabadwa bungwe la ICAO, limene likulu lake liri ku Montreal m'dziko la Canada. Bungweli ndilo limaika muyezo wocepetsetsa umene maiko onse a m'panganomo amatsatira, kuphatikizapo Zambia.

Laisensi yoyamba imachedwa PPL. Imafuna munthu wa zaka 17 amene wauluka maola osacepera 40. Apa ndi pamene makolo ambiri amasokonezeka, cifukwa laisensi imeneyi silola mwini wake kulandira malipiro poyendetsa ndeke. Angathe kuuluka yekha kapena ndi anzake, koma sangalembedwe nayo nchito. Yopezera cakudya ndi yaciwiri, yochedwa CPL, imene imafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena maola 150 ngati wophunzirayo watsata maphunziro onse mosadukiza pa sukulu yovomerezeka. Pamwamba pa zonse pali ATPL, ya mtsogoleri wa ndeke yaikulu yonyamula anthu, imene imafuna zaka 21 ndi maola 1,500. Pakati pa makwerero amenewa palinso zilolezo zina, ciriconse ndi mtengo wake: ca kuuluka usiku, ca kuuluka m'mitambo modalira zipangizo zokha, ca ndeke ya mainjini awiri, ndi ca mtundu weniweni wa ndeke imene kampani idzamupatse.

Cimene cimadya ndalama ndi maola amenewa. Sukulu imalipiritsa pa ola lirilonse limene ndeke yaphunzitsira, cifukwa pa olalo pamapsa mafuta, mphunzitsi amalipidwa, ndipo injini imayandikira tsiku lake lokonzedwa. Maola ochulidwa m'malamulo ndi ocepetsetsa cabe. Ophunzira ambiri amapitirira asanayesedwe, ndipo amene waima miyezi ingapo podikira ndalama amaiwala zina, nalipiranso maola obwereza zimene anaziphunzira kale. Ndiponso ndeke zophunzirira monga Cessna 152 ndi Cessna 172, pamodzi ndi zitsulo zake, zimagulidwa kunja ndi madola. Kwacha ikagwa, monga inacitira mu 2015 ndi mu 2020, mtengo umakwera pamene cimanga, nshawa ndi thonje za mlimi zagulitsidwa kale. Banja limene lawerengera laisensi yoyamba yokha lawerengera khomo la nyumba, denga ndi zipupa lisanaziganizire.

DOTOLO POYAMBA

Ndalama yoyamba iyenera kupita kwa dotolo, osati ku sukulu. Woyendetsa ndeke wolipidwa amafunika ciphaso ca umoyo ca Class 1, cimene cimaperekedwa ndi madotolo okhawo osankhidwa ndi bungwe loyang'anira za ndeke. Amapima maso, makutu, mtima, magazi ndi zina zotero. Kuvala magalasi pakokha sikuletsa munthu, koma matenda a khunyu, matenda ena a mtima, ndi kulephera kusiyanitsa mitundu monga cofiira ndi cobiriwira zingatseke njira. Pali acinyamata amphamvu, olima tsiku lonse osatopa, amene sadziwa kuti maso ao sasiyanitsa mitundu imeneyi kufikira atapimidwa.

Msampha wake ndi wakuti laisensi yoyamba imalola ciphaso cocepera, ca Class 2. Motero mwana angathe kuphunzira caka cathunthu, ng'ombe zitapita, nadzakanidwa pa khomo la laisensi yaciwiri. Mtengo wa kupimidwa ndi waung'ono kwambiri poyerekeza ndi maphunziro onse. Wanzeru amayamba ndi Class 1 asanalipire ola ngakhale limodzi.

Pafunikanso kuona mutu wa mwana mosamunamiza. Mayeso a pansi ndi ambiri: malamulo a mumlengalenga, za nyengo, kupeza njira, kagwiridwe ka injini ndi kalankhulidwe ka pa wailesi. Masamu ndi sayansi zimagwira nchito tsiku ndi tsiku. Cingelezi naco ciri ndi muyezo wake, pakuti ICAO inaika makwerero 6 ndipo woyendetsa ndeke yopita maiko ena ayenera kufika pa khwerero la 4. Aphunzitsi a ku sekondale amene anamuphunzitsa mwanayo angathe kunena zoona pa zimenezi kuposa wolandira ndalama ku sukulu ya ndeke.

KUSANKHA SUKULU

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zithunzi za anyamata ovala malaya oyera a mizere pa mapewa sizinena kanthu za sukulu. M'dziko muno bungwe la Zambia Civil Aviation Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2012, ndilo limavomereza masukulu a ndeke ndi kupereka malaisensi. Kholo kapena mbale wa ku Lusaka apite ku ofesi ya bungweli akafunse ngati ciphaso ca sukuluyo cikali camoyo, ndiponso ngati inaloledwa kuphunzitsa kufikira CPL kapena PPL yokha. Funso limeneli liyankhidwe ndi a bungwe, osati ndi mwini sukulu.

Pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka pali sukulu ya boma ya ZASTI, imene kwa zaka zambiri yaphunzitsa oyendetsa ndeke, okonza ndeke, olondolera ndeke pa wailesi ndi ozimitsa moto. Ena amapita ku South Africa, kumene masukulu ndi ambiri, ena ku Addis Ababa ku sukulu ya Ethiopian Airlines, enanso ku Soroti m'dziko la Uganda. Wopita kunja adziwe kuti laisensi ya dziko lina iyenera kuvomerezedwa kapena kusinthidwa ndi bungwe la kuno asanaigwiritse nchito pa ndeke zolembedwa mu Zambia, ndipo zimenezo nazo ziri ndi mtengo. Aonjezepo pasipoti, cilolezo cokhalira m'dzikolo, nyumba, cakudya ndi ulendo.

Kaya sukulu ndi ya boma, ya munthu wamba kapena ya kunja, mafunso ndi amodzimodzi, ndipo ayenera kufunsidwa munthu ataima pa bwalo pomwepo. Ndeke zimene zikuuluka lero ndi zingati, kusiya zimene zaimikidwa zopanda injini? Ophunzira ndi angati pa ndeke imodzi ndi pa mphunzitsi mmodzi? Amene anayamba zaka ziwiri zapitazo atsiriza angati, ndipo ali kuti? Mtengo wolembedwawo uphatikiza mafuta, mabuku, mayeso ndi msonkho wa kutera, kapena zimenezo zidzabwera pambuyo? Sukulu ya ndeke ziwiri ndi ophunzira ambirimbiri ingaoneke yochipa pa pepala, koma mwana adzakhala miyezi akudikira mzere, akudya ndi kulipira nyumba. Nyengo ya mvula nayo, kuyambira Novembala kufikira Epulo, imadula masiku ouluka. Mayankho oona amapezeka kwa ophunzira eni ake, akafunsidwa paokha eni sukulu palibe.

KALIPIRIDWE

Langizo lalikulu ndi ili: ndalama zonse zisaperekedwe nthawi imodzi, ngakhale sukulu ilonjeze kutsitsa mtengo. M'maiko ambiri masukulu a ndeke akhala akutsekedwa mwadzidzidzi, ndipo ophunzira amene analipiriratu anataya zao. Ndalama ikhale ku banki m'dzina la banja, ituluke pang'onopang'ono molingana ndi maola amene mwana wauluka, ndipo kulipira kulikonse kukhale ndi lisiti. Pangano lilembedwe, linene momveka zimene zidzabwezedwa ngati mwana wadwala, walephera mayeso kapena sukulu yaima. Munthu wodziwa kuwerenga Cingelezi ca malamulo aliwerenge lisanasainidwe. Buku limene maola amalembedwamo ndi la wophunzira, ndipo maola osainidwa bwino amapita naye ngakhale asinthe sukulu.

Ng'ombe zolimira, munda ndi nyumba zisakhale cikole ca ngongole ya katapira. M'banjamo muli ana ena ofuna sukulu, muli okalamba ofuna cipatala, ndipo cilala ca mu 2024 cinaonetsa kuti nkhokwe ingathe kukhala yopanda kanthu caka ciriconse. Ngati acibale agwirizana kusonkha, amalume, azakhali ndi onse olonjeza anene poyera zimene aliyense adzapereka ndi nthawi yake, pakuti lonjezo la pa maliro kapena pa mowa silinyamula ndeke.

Laisensi ikapezeka, nchito sibwera yokha. Makampani aakulu amafuna maola ambiri kuposa 200, ndipo woyamba kumene amawasonkhanitsa pophunzitsa ena kapena ponyamula alendo oona nyama ku Luangwa ndi ku Zambezi, kawirikawiri pa malipiro ocepa. Msika wake umakwera ndi kutsika. Zambia Airways yakale inatha mu Disembala 1994, Zambian Airways inaleka kuuluka mu 2009, ndipo mliri wa Covid-19 mu 2020 unaimika ndeke pa dziko lonse lapansi. Komanso Proflight Zambia, imene inayamba mu 1991, yakhala ikutera ku Mfuwe kwa zaka zambiri, ndipo Zambia Airways yatsopano inayamba kuuluka mu Disembala 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Nchito iripo, koma banja liwerengere nthawi yodikira.

MAKOMO ENA

Ena adzati mau onsewa ndi ofooketsa, ndipo mwana wa mlimi akadikira kuti zonse zikwane adzakalamba asanakhudze ndeke. Dandaulo limeneli liri ndi coona cake. Koma kufunsa sikutseka njira, kumaonetsa njira zina. Gulu la nkhondo la Zambia Air Force limaphunzitsa oyendetsa ndeke ake ndi ndalama za boma. Wolowa kumeneko adziwe kuti akhala msilikali poyamba, womvera malamulo a usilikali, ndipo malo amapikisanidwa kwambiri. Kulemba anthu kumalengezedwa poyera, ndipo munthu wopempha mbuzi kapena ndalama kuti alowetse dzina la mwana ndi mbala. Wina angayambe ndi kukonza ndeke kapena kulondolera ndeke, nchito zaulemu zimene zimamuika pa bwalo pomwepo, nalipira maola ake ndi malipiro ake. Banja lifunsenso ku bungwe la ngongole za maphunziro la HELSB ndi ku khonsolo za thandizo la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse la phungu, kuti limve ngati maphunzirowo angalandire thandizo.

Njira zimenezi ndi za ana aakazi omwe. Mai Yichida Ndlovu anakhala mkazi woyamba kuyendetsa ndeke za anthu wamba m'dziko muno, ndipo mu 2017 Thokozile Muwamba anadziwika monga mkazi woyamba wa mu Zambia kuyendetsa ndeke yankhondo. Mtsikana wa ku Chadiza kapena ku Lundazi wokhoza masamu asabwezedwe cifukwa ca citenje.

Boma nalo liri ndi mbali yake. Maina a masukulu ololedwa ndi a madotolo opima ayenera kulengezedwa pa wailesi m'zinenero za anthu ndi kupacikidwa m'masekondale onse, kuti kholo la ku Petauke lisagule tikiti ya basi pongofuna kumva dzina. Dziko limene linatsegula nyumba yatsopano pa bwalo la Kenneth Kaunda ndi bwalo latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola mu 2021 liyeneranso kukonza njira yoonekera yobwereketsa ndalama kwa ana anzeru a alimi, kuti mipando ya kutsogolo kwa ndeke isakhale ya ana a olemera okha.

Kufikira tsiku limenelo, citetezo ca banja ciri m'manja mwa banja lomwe. Dotolo ayambe, bungwe la boma litsimikize sukulu, acibale awerenge ulendo wonse, ndipo pambuyo pake cipata ca khola citsekulidwe, ng'ombe imodziimodzi. Safunsa anadya phula.