Chapsa ndi katchipi, osati bolodi yonse

Pali mawu amodzi amene amathetsa nkhani msanga pakati pa ife ophunzira: "yapsa". Chaja yapsa, foni yapsa, bolodi ya pulojekiti yapsa. Mawuwa akangotuluka palibenso wofunsa, chinthucho chimalowa mudirowa ndipo tonse timayamba kuwerengera ndalama zogulira china. Ine ndikuti mawuwa ndi aulesi, chifukwa amabisa funso loyenera: chapsa ndi chiyani kwenikweni? Pa bolodi ya Arduino Uno, imene ambiri amayambira kuphunzirirapo zamagetsi, yankho lake nthawi zina limakhala kachinthu kamodzi kakuda kotalika ngati kachala, kamene kamazulidwa n'kuikapo kena.

Ndimaphunzira mbiri ndi filosofi, osati uinjiniya. Arduino ndinaidziwira kwa anzanga a kuhositelo amene amapanga tizipangizo toyeza chinyezi m'dothi ndi toyatsa magetsi patokha. Mwina n'chifukwa chake ndimaiona ngati chinthu chokhala ndi mbiri komanso chiganizo cha amene anachipanga. Ntchito ya Arduino inayambira mu 2005 pa sukulu ya zopangapanga ya ku Ivrea, ku Italy, ndipo cholinga chake chinali choti ophunzira omwe si mainjiniya athe kupanga zinthu zoyendera magetsi. Mapulani a bolodiyi anaikidwa poyera kuti aliyense awerenge ngakhalenso kukopera. Uno inatuluka mu 2010. Ubongo wake ndi microcontroller yotchedwa ATmega328P, yomwe ndi kakompyuta kathunthu m'katchipi kamodzi: kamasunga pulogalamu yofika 32 KB, kamayenda pa 16 MHz, ndipo kamadya mavolti 5. Pa Uno yachizolowezi katchipika kali ndi miyendo 28, ndipo sanakawotcherere pabolodi. Kanangokhazikidwa mu soketi.

Soketi imeneyi ndiyo nkhani yanga. Wopanga akaika soketi amakhala wavomereza kuti tsiku lina wophunzira adzawononga tchipi, ndipo wamupatsa njira yobwererera. Kuwononga kwake sikuvuta. Mwendo uliwonse wa ATmega328P umayenera kutulutsa magetsi osapitirira 20 mA, ndipo 40 mA ndiwo malire ake enieni. Wina akalumikiza kamota mwachindunji pamwendo wa tchipi, popanda transistor yonyamula katunduyo ndi diode yotchinga magetsi obwerera mota ikamaima, mwendowo umafa, mwinanso tchipi yonse. Chimodzimodzi waya wa mavolti 12 ukakhudza pamene pamafunika 5.

Komabe kukonza sikuyamba ndi kuzula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bolodi ya Uno ili ndi zigawo zitatu zimene zimafa mosiyana: gawo lochepetsa magetsi kufika pa mavolti 5, katchipi kena kakang'ono kamene kamalankhulana ndi kompyuta kudzera pa USB, ndi ATmega328P mwini wakeyo. Poyamba umatenga multimeter n'kuyeza ngati pamwendo wolembedwa 5V pali mavolti 5. Kenako umaona ngati kompyuta ikuizindikira bolodiyo ukalowetsa chingwe. Pali kayeso kenanso kosavuta: kulumikiza RESET ku GND, kulumikiza TX ku RX, kenako kulemba mawu pa Serial Monitor. Mawuwo akabwerera monga unawalembera, ndiye kuti njira ya USB ili bwino. Ngati zonsezi zili bwino koma pulogalamu ikukana kulowa, makamaka ngati tchipi yaikuluyo ikutentha moti chala sichikhalapo, wodwala wapezeka.

Ndinaonerera ntchitoyi ikugwiridwa pa bolodi ya gulu lina imene inakhala mudirowa semesita yonse, ndipo inatha tiyi asanazizire. Magetsi onse amachotsedwa kaye. Kasikuludiraiva kopyapyala kamalowetsedwa pakati pa tchipi ndi soketi, n'kumatukula pang'onopang'ono mbali iyi kenako inayo, kuti miyendo isapindike. Tchipi yatsopano imabwera miyendo itatangadza pang'ono, choncho umaiwongola poikanikiza patebulo. Kumutu kwake kuli kachizindikiro kooneka ngati mwezi wa theka, ndipo kayenera kuloza kumene kuli kofanana nako pa soketi. Ukaitembenuza, ukhoza kuipha tsiku lomwelo.

Pali msampha umodzi umene umagwetsa ulesi anthu ambiri. ATmega328P yochokera kufakitale imabwera yopanda kanthu, pomwe Arduino imafuna kapulogalamu kotchedwa bootloader, kamene kamalandira mapulogalamu ena kudzera pa USB. Ukhoza kugula tchipi yoikidwiratu bootloader. Apo ayi, umabwereka Uno ina yamoyo, kuikamo pulogalamu ya ArduinoISP, kulumikiza miyendo yake 10, 11, 12 ndi 13 pamodzi ndi 5V ndi GND ku bolodi yodwalayo, kenako kusankha Burn Bootloader. Bolodi ina imadzutsa inzake. Pomaliza umaika pulogalamu ya Blink, ndipo kanyali ka pamwendo 13 kakayamba kuphethira, ntchito yatheka. Chotsala n'kukonza chimene chinapha tchipi yoyamba ija, chifukwa kupanda kutero ndiye kutungira madzi m'dengu.

Ndikudziwa chimene ena anena. Mabolodi okopera ochokera ku China ndi otsika mtengo, ndiye kutayiranji nthawi? Mfundoyi ili ndi mphamvu kwa munthu amene akaitanitsa lero katundu amamupeza mawa. Kwa ife, bolodi iliyonse imachokera kunja, imagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zimasowa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe wophunzira amene amati chinthu chochokera kunja n'chotchipa. Onjezanipo masabata odikira pamene tsiku lopereka pulojekiti likuyandikira. Timatchipi khumi timakwana mu envulopu imodzi, ndipo tikhoza kupulumutsa kalasi yonse.

Mfundo yachiwiri yotsutsa ndi yolemera kuposa yoyambayo: si bolodi iliyonse ili ndi soketi. Zokopera zambiri zili ndi ATmega328P yaing'ono ya miyendo 32 yowotchereredwa pabolodi, ndipo Uno R4 imene inatuluka mu 2023 ili ndi tchipi ya Renesas yowotchereredwanso. Apa kasikuludiraiva sikathandiza, pamafunika makina a mpweya wotentha ndi dzanja losanjenjemera. Koma kodi luso limenelo lili kutali? Amisiri okonza mafoni mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe amazula ndi kubwezeretsa tizipangizo tating'ono kuposa pamenepa tsiku ndi tsiku. Chimene chimatiletsa kupita kwa iwo si mtunda. Ndi kudzimva kwa munthu wa kuyunivesite, amene amaganiza kuti nzeru zonse zili ndi satifiketi. Safunsa anadya phula.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza ngakhale ife amene sitidzagwirako Arduino. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024 linati mu 2022 dziko lapansi linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi, ndipo zimene zinalembedwa kuti zatoleredwa ndi kukonzedwanso moyenera zinali 22.3 peresenti yokha. Bolodi imodzi sikanthu pa phiri limeneli, koma chizolowezi chimene chimaiponya mudirowa ndi chomwecho chimene chimamanga phirilo. Mu 2024 European Union inachita kukhazikitsa lamulo lolimbikitsa ufulu wokonzetsa katundu, chifukwa kumeneko kutaya kunafika pokhala kosavuta kuposa kukonza. Ife lusolo tikadali nalo m'misika yathu. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti sukulu ndiyo itiphunzitse kulinyoza.

Palinso funso la umwini. Chinthu chimene sungachitsegule, kuchimvetsa kapena kuchikonza, kodi n'chako ndithu, kapena wangochibwereka kwa wopanga mpaka tsiku limene chidzafe? Wophunzira amene wasintha tchipi kamodzi saionanso bolodi ngati matsenga. Amadziwa kuti ili ndi zigawo, kuti chigawo chilichonse chili ndi malire ake, ndiponso kuti kuwerenga mapulani a mawaya kumafuna zimene ife timachita ndi zolemba zakale: kudekha, kufunsa umboni, ndi kusathamangira kuweruza.

Choncho pempho langa ndi la zinthu zing'onozing'ono. Amene mukugula bolodi yoyamba, sankhani ya soketi ngakhale itakwererako pang'ono, ndipo mugulirenso tchipi imodzi yapadera. Amakalabu ndi oyang'anira malabu, sungani bokosi la mabolodi odwala m'malo mowataya, ndipo phunziro loyamba la wobwera kumene likhale kupeza chimene chafa. Ndipo mnzanu akadzanena kuti bolodi yake yapsa, mubwerekeni multimeter, mumufunse kuti pa 5V pakuwerenga zingati.