Chitenje chakale chisafinyidwe pakati pa magalasi

M'masutikesi a amayi ambiri ku Machinga ndi ku Balaka muli zitenje zimene zinasiya kalekale kuvalidwa. Wina akusungabe chachikasu cha UDF cha nkhope ya a Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga komweko amene anapambana chisankho cha 1994. Wina ali ndi cha Kamuzu chimene ankavinira ali mbumba. Nsalu zoterezi n'zoyenera kupachikidwa pakhoma kuti adzukulu aziziona, koma kapachikidwe kake nkofunika kukaganizira kawiri.

Njira imene imakopa maso ndi yoika nsalu pakati pa magalasi awiri, kuti izioneka ngati ikuyandama mufelemu. Kukongola kulipo ndithu. Vuto ndi nyengo yathu. Ku Liwonde, m'mbali mwa Shire, kutentha kwa Okutobala kukangotha kumabwera chinyezi cha dzinja. Galasi likazizira usiku limachita thukuta mkati, ndipo nsalu ya thonje yomwe yagundana nalo imamwa madziwo. Zotsatira zake ndi chuku, mawanga, mwinanso utoto kumatirira pagalasi. Komanso nsalu si pepala: ikaimikidwa popanda choigwira, imatsetsereka pang'onopang'ono n'kukwinyika m'munsi.

Nanga galasi lachiwirilo ndi lachiyani? Zitenje zambiri za zipani n'zowala mbali imodzi, kumbuyo n'kotuwa. Palibe choti munthu akaoneko.

Akatswiri osamalira nsalu m'nyumba zosungiramo zinthu zakale amachita zina. Amakuta bolodi ndi nsalu yoyera ya thonje yochapidwa bwino, kenako n'kusokerera chitenjecho pamenepo ndi singano yaing'ono, motalikitsa ulusi kuti udzathe kusomoledwa. M'mphepete mwa felemu amaikamo timizere topyapyala toteteza kuti galasi lisakhudze nsalu. Guluu saikako, chifukwa akauma amasiya chikasu chosachoka. Timisomali nato ayi, timachita dzimbiri. Ngakhale pulayiwudi yosakuta imadetsa nsalu pakapita zaka.

Zonsezi sizikufuna makina ochokera kunja. Balaka ndi boma lolima thonje, matelala ali m'makhonde a masitolo, ndipo kalipentala amene amakhoma mawindo pa Liwonde kapena pa Ntaja sangalephere kusiya kampata pakati pa galasi ndi nsalu atauzidwa chifukwa chake. Mwini chitenje naye asankhe khoma losawombedwa ndi dzuwa, poti galasi wamba silitchinga kuwala kumene kumachititsa utoto kusuluka, ndipo khoma lonyowa m'dzinja alipewe ngakhale litakhala loyang'anana ndi mpando wa alendo.