Ndende Imange Miyendo, Isaphe Mutu

Aliyense amene anakulira m'mapiri a ku Dowa amalidziŵa dzina la Dzaleka. Msasa wa anthu othaŵa kwawo umene uli pamenepo unatsegulidwa m'chaka cha 1994. Kale malowo anali ndende ya anthu omangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo m'zaka za m'ma 1970 munadzaza a Mboni za Yehova. Dzinalo likutiululira maganizo a masiku amenewo: munthu asauke kufikira atalumbira kuti adzaleka. Ndendeyo inatha, koma maganizo aja sanathe onse pakati pathu, ndipo amene akuvutika nawo koposa ndi mkaidi wodwala matenda a maganizo.

Kusokoneza wodwala ndi wolakwa sikunayambe lero. M'chaka cha 1910 boma la atsamunda linapatula chigawo cha ndende yaikulu ya Zomba kuti lizisungiramo odwala misala, ndipo oŵasamala anali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni cha matendaŵa chinatsegulidwa mu 1953. Panapita zaka 43 kuti boma livomereze kuti wamisala afunika namwino, osati unyolo.

Taganizirani mnyamata wochokera kumudzi amene walowetsedwa m'ndende ya Ntchisi kapena ya achinyamata ya Bzyanzi ku Dowa. Mwina anadwala kale asanapalamule; mwina chamba ndi kachasu zinamuwononga; mwinanso mutu wasokonekera momwemo chifukwa cha kusoŵa tulo, kudikira mlandu pa limande, ndi kutayidwa ndi abale. Amayamba kukana nsima, kulankhula yekha usiku, kapena kukhala duu tsiku lonse. Kwa nyapala zimenezi ndi mwano, kwa anzake ndi ufiti kapena ziŵanda. Akamutsekera m'chipinda cha yekha kuti aphunzire mwambo, matenda aja amangokula, pakuti munthu wovutika maganizo akasoŵa womulankhula amamira msanga.

Malamulo sali chete pa nkhaniyi. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malaŵi likunena kuti womangidwa asungidwe mwa ulemu woyenera munthu, ndipo alandire chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala pa ndalama za boma. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu. Mu 2015 bungwe la United Nations linavomereza malamulo osamalira akaidi otchedwa dzina la Nelson Mandela. Malamulowo akuti mkaidi aliyense aonedwe ndi wachipatala akangoloŵa, ndipo akuletsa kutsekera payekha wodwala maganizo ngati kutero kungakulitse matenda ake. Chosoŵa si lamulo ayi, koma kulitsata.

Kuchokera ku Ntchisi kukafika ku chipatala cha Zomba pali mtunda woposa makilomita 300. Kuti mkaidi mmodzi apite kumeneko pafunika galimoto, mafuta ndi asilikali omuperekeza. Nchifukwa chake ife tikuti chithandizo chibwere pafupi. Choyamba, aliyense woloŵa m'ndende afunsidwe za tulo, za kudya, za mankhwala amene ankamwa, ndiponso ngati anaganizapo zodzipha. Chachiŵiri, anamwino a matenda a maganizo a m'zipatala za boma ku Dowa ndi ku Ntchisi akhale ndi tsiku lokhazikika loyendera ndende, osadikira kuti wina adzivulaze. Chachitatu, asilikali a ndende aphunzitsidwe kusiyanitsa matenda ndi mwano. Chachinayi, mkaidi akamatuluka apatsidwe kalata ya kuchipatala cha kwawo, chifukwa mankhwala aŵa akadukizidwa matenda amabwereranso. Amene wadwala kwambiri ndiye atumizidwe ku Zomba kapena kwa a St John of God ku Lilongwe.

Ena adzati: mankhwala akusoŵa kwa anthu osalakwa, nanga tiŵawonongerenji pa mbala ndi zigaŵenga? Funsoli nlomveka, koma tiliyankhe motere. Woweruza amalamula kuti munthu alandidwe ufulu wake kwa zaka zakutizakuti; salamula kuti alandidwenso nzeru. Ndiponso ambiri mwa akaidi adzatuluka. Adzabwerera ku Mponela, ku Madisi, ku Malomo, kudzalima fodya ndi chimanga pafupi ndi minda yathu. Tikamubweza munthu kumudzi mutu utasokonekeratu, amene adzasenze katunduyo ndi mkazi wake, ana ake ndi anansi ake, ndipo posakhalitsa adzabwereranso kundende. Mtengo wa mankhwala ngwochepa pouyerekeza ndi umenewo.

Inu aphunzitsi, kaŵirikaŵiri ndinu oyamba kuona mwana amene wayamba kudzipatula ndi kusintha khalidwe. Musafulumire kumuchotsa sukulu musanalankhule ndi makolo ake za kuchipatala, pakuti njira ya kundende nthaŵi zina imayambira pomwepo. Ndipo inu amene mwangotsiriza sukulu, ena mwa inu mudzavala yunifolomu ya ndende, ya polisi kapena ya unamwino. Mukadzamva mkaidi akulira pakati pa usiku, musadzafunse za mlandu wake wokha. Mudzafunsenso ngati wachipatala wamuona. Akulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Matenda a maganizo sasankha banja, ndipo amene ali kuseri kwa mpandawo lero ndi mwana wa m'mudzi mwathu momwemuno.