Tikamalirira feteleza, tilirirenso mzamba

Alimi anzanga, pali nkhani imodzi imene ife sitichita nayo manyazi, ndiyo ya feteleza. Feteleza wotsika mtengo akangochedwa phungu sagona tulo, ndipo chiyambire ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo m'chaka cha 2005 palibe boma limene layerekeza kuitaya, chifukwa likudziwa kuti mlimi sangakhale chete. Koma feteleza sadzithira yekha m'munda. M'mabanja ambiri amene amabzala, kupalira, kubandira, kukolola ndi kutonola ndi mayi. Tsono ine ndikudabwa kuti bwanji mawu athu amazilala ikafika nkhani ya munthu amene amasunga moyo wa mayi ameneyu pa tsiku lochira, ndiye mzamba wophunzira.

Mayi akamwalira pobereka, munda umagonera, mbuzi zimapita pa maliro, ndipo mtsikana wamkulu amasiya sukulu kuti alere khanda. Nchifukwa chake ndikuti nkhani imeneyi ndi ya pa tsamba la alimi.

Ofesi ya kalembera ya National Statistical Office, imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, idapeza m'chaka cha 2000 kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2004 chiwerengerochi chidali 984, mu 2010 chidafika pa 675, ndipo pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 chidatsika kufika pa 439. Kutsika kumeneku sikudagwe kumwamba ngati mvula ayi. Mwa zina, mu 2004 boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain komanso thumba la Global Fund, lidayamba ndondomeko yapadera yochulukitsa ogwira ntchito m'zipatala. Lidawonjezera malipiro awo ndi K52 pa K100 iliyonse, lidakuza sukulu zophunzitsa anamwino, ndipo pofika mu 2009 ogwira ntchito a m'magulu amene adasankhidwawo adachoka pa 5,453 kufika pa 8,369. Phunziro lake ndi lomwe mlimi aliyense amalidziwa: pamene wathira manyowa ndi pamene pamabereka.

Tikumbukenso kuti mu 2007 boma lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa. Ngakhale malemu Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsocho mu 2010, mafumu ambiri adaika malamulo awo akuti wochirira pakhomo alipe chindapusa, pena mbuzi yathunthu. Mayi Joyce Banda, mwana wa konkuno kwa Malemia, atatenga mpando mu 2012 adalimbikitsa za uchembere wabwino pogwiritsa ntchito mafumu ndi kumanga nyumba zodikirira pa zipatala. Amayi adamvera. Pofika 2016, amayi 91 mwa 100 alionse ankachirira ku chipatala. Ine sindikutsutsa lamuloli, pakuti zimene zimapha amayi, monga kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi, mwana kupingasa ndi matenda olowa atachira, gogo wa m'chikuta sangazithe. Koma walira mvula walira matope. Boma limene lauza mayi kuti asiye mzamba wa m'mudzi lili ndi ngongole yomupezera mzamba wina pamene lamutumapo. Sichilungamo kulipitsa mbuzi munthu amene akafika pa chipatala apeza namwino mmodzi yekha, woti wagwira usana wonse ndipo usiku amudzutsanso.

Taonani m'mene boma lathu la Zomba lakhalira. Wokhala ku Matawale kapena ku Chinamwali angathe kukwera njinga ya kabaza nkufika msanga pa chipatala chachikulu. Koma amene amalima mbatatesi ndi kugulitsa zipatso pamwamba pa phiri ayenera kutsika msewu wokhotakhota uja. Wa ku Chingale ali kuseri kwa phiri, kumene dzinja likafika ulendo umasanduka nkhani ina. Wa pa chilumba cha Chisi ayenera kuyamba wapeza bwato lomuwolotsa nyanja ya Chilwa kukafika pa Kachulu. Mayi amene wayamba kutaya magazi atachira angathe kutisiya pa maola awiri okha. Kwa anthu amenewa, mzamba amene ali m'tauni ali ngati nkhokwe ya mnzako: umaiona koma sungatapemo.

Chodabwitsa nchakuti sukulu tili nazo pakhomo. Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi yake mu mzinda uno, ndipo ku Malosa kuli sukulu ya anamwino ndi azamba ya St Luke's. Kuyambira mu 2011 dziko lino lidayambanso kuphunzitsa azamba a m'madera, maphunziro a miyezi 18, ncholinga choti azibwerera kukatumikira kumidzi. Komabe mu 2022 bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lidadandaula kuti anamwino ambirimbiri amene adamaliza maphunziro adangokhala pakhomo osalembedwa ntchito, mpaka lidayamba kuwafunira mwayi kunja. Uku ndiye kufesa nazale, kuthirira, mbande nkukula, kenaka osawokera.

Choncho ine ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, ndalama zolembera ntchito azamba zizichokera m'thumba la boma, pa misonkho yathu yomwe timadula pa fodya, pa sopo ndi pa shuga. Atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Abuja mu 2001 kuti K15 pa K100 iliyonse ya ndalama za boma izipita ku zaumoyo, ndipo lonjezo ndi ngongole. Ena adzati dziko ndi losauka, tisiyire otithandiza. Koma tidaona mu 2025 dziko la America litadula thandizo lake mwadzidzidzi kuti khasu lobwereka mwini wake amaliitanitsa udzu uli pakati.

Chachiwiri, tisamangoona kuchuluka kwa azamba, tizionanso kumene achokera. Mwana wokulira m'tauni akatumizidwa ku Chisi, maso amakhala ali kunjira. Koma mtsikana wobadwira komweko, amene amayankhula Chiyao kapena Chilomwe ndi azakhali ake, amene amadziwa chifukwa chimene wapakati amabisira mimba yoyamba, ameneyo amakhazikika ndipo amayi amamuululira zakukhosi. Vuto nlakuti ana a alimi ambiri amaphunzira m'masekondale oyendera opanda zipangizo za sayansi, ndipo akakhoza fizi imawakanika. Boma lipatule malo ndi ndalama za fizi za ana a m'madera ovuta kufikako, atsikana ndi anyamata omwe, pa pangano loti akamaliza adzagwira kwawo zaka zingapo. Azamba akale a m'midzi nawo asatayidwe ngati chikonyo. Aphunzitsidwe kuzindikira zizindikiro zoopsa ndi kuperekeza amayi nthawi yabwino, ndipo azilandira kangachepe.

Chachitatu, mzamba ndi munthu, amafuna nyumba yosadontha, madzi ndi nyali. Ndalama za chitukuko cha m'dera zimene timamva kuti CDF zingathe kumanga nyumba zotere, ife a m'mudzi nkuumba njerwa monga timachitira pa sukulu.

Tsono alimi anzanga, pa msonkhano wa kalabu, wa VDC kapena wa ADC, phungu ndi khansala akabwera, tikatha kufunsa za matumba a feteleza tifunsenso kuti: pa chipatala chathu pali azamba angati, payenera kukhala angati, nanga otsalawo abwera liti? Abambo, funso limeneli tisawasiyire amayi okha, pakuti amene amathamanga ndi machira usiku ndife. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.