ZA MAIKO ENA: Msilikali akabwera ndi matenda kunkhondo, alipira ndani?

Ulendo uno tione za ku Amereka, kumene boma lili ndi unduna wakewake wosamalira asilikali akale, wotchedwa VA, umenenso uli ndi zipatala zake.

Sikuti aliyense amene anavalapo yunifolomu amalandiridwa. Wochotsedwa usilikali chifukwa cha mlandu waukulu salandiridwa. Amene analowa usilikali patapita pa 7 September 1980 ayenera kuti anagwira ntchito miyezi 24 yotsatizana, kupatulapo ena, monga amene anatulutsidwa msanga chifukwa chovulala. Kutsatira lamulo la mu 1996, olandiridwawo amaikidwa m'magulu, amene tsopano alipo 8. Gulu loyamba ndi la amene analumala kwambiri pantchito, ndipo salipira kanthu. Magulu a kumapeto ndi a anthu opezako bwino amene matenda awo sanachokere kuusilikali, ndipo iwowa amasonkhako pang'ono.

Ndalama zoyendetsera zipatalazi zimachokera ku misonkho, ndipo nyumba ya malamulo ndiyo imavomereza chaka ndi chaka. Zikachepa, khomo nalo limachepa. Mu January 2003 boma linaleka kulemba anthu atsopano a gulu la 8, ndipo linayambanso kulandira ena mwa iwo mu 2009.

Koma vuto lalikulu linali la umboni. Ku Iraq ndi ku Afghanistan, zinyalala za m'misasa ya asilikali, monga mapulasitiki, matayala ndi mabatire, ankazitentha m'maenje akuluakulu atathira mafuta a ndege. Asilikali ankapuma utsiwo usana ndi usiku. Patapita zaka, ena anayamba kubanika, ena kudwala khansa. Akapempha chithandizo ankauzidwa kuti aonetse umboni woti utsiwo ndiwo wawadwalitsa, ndipo ambiri anabwezedwa. Nanga munthu ali gone pamphasa umboni wotere akautenga kuti? Mtolo wonse unkagwera mkazi ndi ana.

Mabanja amenewa sanakhale chete. Pa 10 August 2022 Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo lotchedwa PACT Act, limene lili ndi dzina la Heath Robinson, msilikali amene anagwira ntchito ku Iraq n'kumwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 2020. Lamuloli linatchula matenda oposa 20. Msilikali amene anali kumalo amenewo pa nthawi yotchulidwa, akapezeka ndi amodzi mwa matendawa, boma limangovomera kuti anawatengera kuntchito. Linakhazikitsanso thumba lapadera la ndalama zake, poti lonjezo lopanda ndalama silichiza munthu.

Tsono taonani, abale: mfuti zikaleka kulira, ngongole ya nkhondo imatsala m'matupi a anthu kwa zaka zambiri. Boma lotumiza mwana wa munthu kunkhondo liyenera kuwerengeratu ngongoleyo, osati kuisiyira banja lake.