Ndime Yaing'ono Yotchinjiriza Wogula Nyumba

M'dziko la America anthu ambiri amagula nyumba ndi ngongole ya kubanki. Wogula ndi wogulitsa akamvana mtengo amasainirana pangano, ndipo wogula amapereka chikole chosonyeza kuti sakuchita zachibwana. Koma banki siyendera mau a anthu awiriwa. Imatuma katswiri wa mitengo ya nyumba kuti akaione, aiyerekeze ndi zina za m'dera lomwelo zimene zagulidwa posachedwa, ndi kutchula mtengo woyenera.

Tiyerekeze kuti awiriwa amvana madola 300,000, koma katswiri uja watchula 280,000. Banki idzawerengera ngongole yake pa mtengo wotsikawo, pakuti nyumbayo ndiyo idzagwidwe ngongole ikakanika. Nanga madola 20,000 otsalawo achokere kuti? M'thumba la wogula. Akawasowa nalephera kugula, waswa pangano, ndipo chikole chake chingathe kupita kwa wogulitsa.

Apa ndipo pagona ntchito ya ndime ina ya m'pangano imene eni ake amaitcha appraisal contingency. Ndimeyi imanena kuti mtengo wa katswiri ukachepa, wogula ali ndi ufulu wotuluka m'panganomo ndi kulandiranso chikole chake, malinga adziwitse wogulitsa masiku olembedwawo asanathe. Ufulu umenewu umampatsanso mphamvu yopempha kuti mtengo utsike. Boma la America limaidziwa bwino nkhaniyi, kotero kuti ngongole zotsimikizidwa ndi mabungwe ake a FHA ndi VA zimafuna mau otere m'pangano.

Ena amati ndimeyi imamfooketsa wogula pamene ofuna nyumba achuluka, popeza wogulitsa amakonda munthu wosabwerera m'mbuyo. Zimenezi n'zoona. M'chaka cha 2021, nyumba zitasowa ndi mitengo itakwera, ogula ambiri anaichotsa ndimeyi kuti apose anzao. Koma kuichotsa n'kwa munthu amene ali ndi ndalama zapadera zokwirira dzenje limene banki yasiya. Banja limene lasonkhanitsa chikole chake zaka zambiri lisayerekeze kutero. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mtima ukakopeka ndi khonde lokongola umaiwala kuwerengera.

Tsono inu aphunzitsi, pophunzitsa masamu a chiwongoladzanja, onjezani phunziro ili: munthu asanasaine pangano lililonse, ayambe wafunafuna khomo lotulukira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.